Njinga Imene Ackim Anasiya

Nangozo anamanga kiyi pansonga ya chitenje, anabwereza mfundo kachiwiri, n'kuikhalira.

M'chipinda munkamveka kugubuduka kwa zinthu. Fyson, mwana wake wamng'ono, anali atakhuthula kale matumba a jekete ya malemu mkulu wake Ackim, tsopano ankatukula matiresi. Amayi a Umanyano, gulu la amayi a kumpingo, amene anadzaza pabalaza ankaimba motsitsa, maso ali ku chitseko.

"Amayi, kiyi wa njinga mwamuona?"

"Njinga yake iti? Ija ili kupolisi, yopindika ngati chitini chopondedwa ndi ng'ombe?"

"Mukuidziwa imene ndikunena."

Ankaidziwadi. Inali pakhonde, njinga yamoto yofiira, yofunditsidwa thumba la feteleza. Ackim anaigula yakale kwa munthu wa ku Ekwendeni, naisiya kwa makaniko milungu itatu, kuti mng'ono wake asiye kukhala pampanda kumawerenga maminibasi. Inabwera Lachiwiri. Anati amupatsa Loweruka, akamulembetsa pa siteji ya akabaza pafupi ndi geti la yunivesite. Lachitatu m'mawa Ackim anatula mwana wasukulu wochedwa mayeso, anatembenuka kuti akatenge wina, ndipo pa kona ya kumunsi kwa Luwinga anakumana ndi lole ya matabwa. Amene anaona akuti anadutsa ngati mwala wa legeni.

Pa kona imeneyo pali chikwangwani cholembedwa 50. Nangozo amadutsapo tsiku ndi tsiku ndi beseni la mandasi pamutu. Anamuuza mwanayo za chikwangwanicho mpaka kukhosi kuuma. Ackim ankangoseka.

"Amayi, imeneyo ndi nambala ya zaka zanu. Boma likukukumbukirani."

Apolisi a kamera anamugwirapo kawiri. Iye ankati wogwidwa ndi amene wagona, osati amene wathamanga. Anyamata a kabazawa amaphethiritsirana nyali kuti kutsogolo kuli kamera, onse n'kusanduka akulu a mpingo, msana uli njo, manja awiri pa handulo. Akangodutsa, satana wabwerera pampando.

Zolira Nangozo analibe nazo nthawi. Panafunika nkhuni, bokosi, kalata ya kuchipatala. Abale a ku Ntcheu ankaimba foni kufunsa ngati thupi libwera kumudzi, ngati kuti ndi iwo adzalisenze pamutu. Bambo a anawa, amene anabwera nawo ku Mzuzu pa ntchito ya boma, ali m'manda a konkuno. Mwana akagona pafupi ndi bambo ake, nkhani yatha.

Cha m'ma eyiti kunamveka chiphokoso kuchokera kumsewu, ngati chigayo chikubwera chokha. Njinga zinadzaza mpata wonse wa pakati pa nyumba yake ndi mahositelo a ana asukulu amene anamera pamene kale panali minda ya chimanga. Zinalipo makumi anayi, mwina kuposa, zonse zomangidwa masamba kutsogolo. Percy, tcheyamani wa pa siteji, anavula chipewa, nanjuta pakhomo.

"Monire, mama. Pepani chomene."

"Yewo."

"Tabwera kuti tikatenge mnzathu kuchipatala. Mwambo wathu mukuudziwa. Timudutsitsa pa siteji pake, tizungulira naye m'tauni komaliza, kenako tibwera naye kuno. Wotsogolera amakhala m'bale wake."

"Mwambo? Njinga zanuzi zabwera dzanadzanali, ine ndili kale ndi imvi. Lero zili ndi mwambo?"

Ena kumbuyo anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

Mwambowo Nangozo anauonapo. Chaka chatha anaima pamsika ndi beseni lake pamene ankaperekeza mnyamata wa ku Chibavi. Ankathamanga ngati akuthawa moto wolusa, ena ataimirira pampando, ena atagona chafufumimba miyendo ili m'mwamba, mahutala osapuma. Pofika pa raundabauti mmodzi anatsetsereka. Mlungu umenewo akabaza anaperekeza awiri.

"Tiyenda bwino, mama," anatero Percy. "Pang'onopang'ono waka."

"Inuyo? Kumuperekeza Ackim pang'onopang'ono?"

Percy anakanda m'khosi. "Mama, Ackim anali Ackim. Tikamuyendetsa ngati ali pa ngolo akatiseka kumene aliko."

"Apolisi akugwireni nonse, ndikayamika Mulungu."

"Angaimitse maliro ndani, mama?"

Fyson anatuluka atavala jekete ya mkulu wake. Inamukulira m'mapewa, manja ake n'kubisika m'kati. Zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndevu zinayi, koma nkhope yake lero inali ya munthu amene wamaliza kale kuganiza.

"Vula chimenecho," anatero Nangozo.

"Amayi, ndipatseni kiyi."

"Iwe njinga unaphunzirira pa bwalo la mpira. Pa tala wayendapo kangati? Kawiri?"

"Mukufuna anthu anene kuti Ackim analibe m'bale?"

"Anene. Pakamwa ndi pawo. Ine ndinabereka awiri. Mmodzi ali mu firiji, ndatsala ndi iwe. Werenga bwino, suja masamu unakhoza."

"Anandigulira ndi iyeyo. Ndikakhale pa galimoto ndi azimayi, njinga yake ili pakhonde?"

"Ukhale ndi azimayi. Ukhale pamiyendo panga ngati ukufuna. Ndikubereka kumsana, chitenje ndili nacho."

Mnyamatayo anayamba kuyenda kupita kukhonde. Apa Nangozo anachita chimene sanachitepo chibadwire. Anagwada pafumbi, pamaso pa anyamata onse aja, nagwira mwendo wa mwana wake ndi manja awiri.

"Fyson, bambo wanga, ndagwira mwendo wako. Mawa ukaitenge, ndikupatsa ndekha. Lero lokha. Sindingakwanitse kawiri, wamva? Mphamvu zake ndilibe."

Nyimbo inaduka m'nyumba. Mayi wina wa Umanyano anatuluka akuthamanga. "Anyina Ackim, dzukani chonde! Mwana sagwadiridwa!"

Fyson anayang'ana amayi ake. Kenako anayang'ana anyamata a pa njinga, ndipo anawayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira amayi ake. Anasolola mwendo pang'onopang'ono, ngati akuuchotsa m'matope.

Kiyi sanafunikenso. Mmodzi wa akabaza aja anazula mawaya awiri pansi pa nyali, anawasenda ndi mano, nawalumikiza. Fyson anaponda kamodzi. Njinga inalira.

Nangozo anatsala chigwadire, mfundo ija ikumubaya pantchafu.

Kuchipatala zinthu zinayenda monga zimayendera. Kudikira pa benchi, kusaina, kudikiranso. Anamuitana kuti aone nkhope asanakhomere. Anaona, nakonza kolala ya malaya imene inapindika, n'kutuluka. Panja anyamata ankangoliza mainjini, njinga zili chiimire, utsi uli tolo. Fyson anali pakati pawo, akumusisita pamsana, wina akumumangira nsalu yakuda pamkono.

Bokosi linakwezedwa pa pikiapu ya a Overtoun, makaniko wachikulire wa ku Lupaso, amene anadzipereka okha kunyamula thupi. Azimayi anakana kuti Nangozo akhale kumbuyo. Akuti miyendo yatupa, mtima ungakwere. Anamukankhira kutsogolo, n'kutseka chitseko.

"A Overtoun," anatero galimoto isananyamuke, "mukaona wayamba misala, mumutsekereze. Mumugunde pang'ono ngati n'kotheka. Mwendo wothyoka ndiusamala ine."

"Mama, khalani waka pansi."

"Sindikuseka."

"Ndamva, mama."

Atangokhotera mumsewu waukulu, Percy anakweza dzanja. Dziko linang'ambika. Mahutala, malikhweru, mfuu. Amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu anakoka mabeseni awo. Minibasi ina inathawira m'ngalande, kondakitala akutukwana pa windo. Ana a yunivesite anaima pamzere atakweza mafoni, ngati kukudutsa ukwati.

Fyson anali patsogolo penipeni. Anawerama mpaka chifuwa kukhudza thanki, ndendende mmene ankachitira mkulu wake. Nangozo anagwira chitseko ndi manja onse. Anafuna kupemphera, koma chimene chinkatuluka chinali dzina la mwanayo basi.

Njinga yoyamba inamupitirira. Yachiwiri. Kenako zisanu pamodzi, okwera ataimirira. Percy anacheuka n'kumukodola ndi dzanja, tiye, tiye! Fyson anapotokola moto mpaka chigongono kuloza kumwamba. Anasintha giya, anabweza, anasinthanso. Njinga inkangoyenda mwa ulemu wake, ngati mayi wopita ku sikelo. Zinamudutsa kumanja, zinamudutsa kumanzere. Posakhalitsa gulu lonse linasanduka utsi kutsogolo, ndipo pakati pa utsiwo ndi pikiapu panatsala mnyamata mmodzi wa jekete yomukulira.

"Yawonongeka?" anafunsa Nangozo.

A Overtoun anayang'ana kamuvi kosonyeza liwiro la galimoto yawo, anagwedeza mutu, napukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Fote faifi," anatero. "Njinga ili bwino chomene, mama. Ndinakonza ndine."

"Ndiye ikutani?"

"Mwana wanu uja. Anabwera ku galaja, akuti adada, mundiikire kachitsulo ku waya wa moto, munthu apotokole mpaka dzanja lithyoke koma isapyole fifite. Ine ndati, nanga mng'ono wakoyo makasitomala akawapeza kuti? Ana a yunivesite onse amadzuka mochedwa, amafuna wouluka. Akuti azinyamula agogo ndi amayi oyembekezera, nawonso ndi anthu. Ndati, basi tiikenso pa yako. Waseka mpaka kukhala pansi. Akuti ine mutu unauma kale, adada. Koma amayi asamadikire anthu awiri pa geti."

Manja a Nangozo anali akadali pa chitseko.

"Nditamaliza anakaiyesa yekha mumsewu wa ku Lupaso. Wabwera nkhope ili gwa, akuti yafika fifite faifi, manganinso. Ndamanga. Wakayesanso. Maulendo atatu, mama, tsiku lonse, anzake akunyamula anthu."

"Fyson akudziwa?"

"Ackim anandiletsa kumuuza. Akuti akadzabwera kudzadandaula, muzimuuza kuti injini ndi yokalamba."

Kutsogoloko Fyson anamenya thanki ndi chibakera, kawiri. Anayesanso kupotokola, komaliza. Kenako anaweramuka, nakhala mowongoka, mapewa akugwedezeka. Anapatukira kumanzere. Pikiapu inamupeza, ndipo anayamba kuyenda nayo limodzi. Kumbuyo azimayi anayambitsanso nyimbo, tsopano inkamveka bwino, chifukwa mahutala anali atapita kutali.

Anadutsa pa geti la yunivesite. Pa siteji panalibe njinga ngakhale imodzi, benchi yokha ndi mtengo wake. A Overtoun analiza hutala kamodzi, mwachidule.

Nangozo anatsitsa galasi. Mphepo yozizira inalowa. Mwana wake anali pomwepo, pafupi moti akanatha kumukhudza. Anatembenuzira nkhope kwa iye, yonse itanyowa.

"Amayi, ikukana kuthamanga."

"Ndaona," anatero Nangozo. "Ndi yokalamba. Yang'ana kutsogolo."