Buku Limodzi, Mitu Itatu

Pakasukulu ka kufupi ndi Domwe panali buku limodzi lokha, choncho mphunzitsi wake, apulofesolo Damiano, ankakhazika ana atatuatatu kuti aziphunzitsana. Jacinto ankawerenga Chipwitikizi, Rosária n'kumasulira, Artur n'kulemba yankho pamchenga. Akakhala pamodzi sankaphonya funso. Koma Jacinto anali atakula, ndipo ankadziwa kuti akalephera mayeso amutenga kukagwira chibalo kumsewu.

Tsikulo litafika, woyesa wochokera kuboma anawakhazika motalikirana.

"Aliyense ndi mutu wake," anatero.

Jacinto anawerenga funso lonse bwinobwino. Tanthauzo lake linali ndi Rosária uko kukhomo, ataweramira pepala lomwe sankatha kuliwerenga. Jacinto anakweza dzanja.

"Bwana, kodi tingafunsane?"

Woyesayo anaseka n'kumulanda pepala. Mvula isanagwe, Jacinto anali akuswa miyala kumsewu.