Phiri Loyera Kumbuyo kwa Lonjezo

Mvula inagwa masiku asanu ndi anayi osalekeza. Ku Madaraka, kuno ku Kenya, madzi anafika pa sitepe yachitatu ya nyumba yathu, ndipo wailesi inkangotchula misewu yotsekedwa. Loweruka kunacha ndi dzuwa, koma bwenzi langa Lonjezo sanabwere monga tinapangana.

"Ndili ku Industrial Area, Ndaona wanga," anatero pa foni. "Madzi alowa mosungira katundu wa bungwe lathu. Tikupulumutsa mabulangete."

Ndinamupempha chithunzi, ndingomuonako nkhope. Anatumiza. Ndevu zometa bwino, kolala yosita, kumwetulira kwake kuja. Ndinachikulitsa ndi zala kuti ndione maso ake, ndipo m'pamene ndinaona kanthu koyera pamwamba pa phewa lake, kutali kuseri kwa madenga. Inali nsonga ya phiri la Kenya, itakutidwa ndi chipale chofewa.

Chibwerereni muno, phiri limenelo ndinaliona kamodzi kokha, ndili pakhonde lam'mwamba la a Blackson ku Kahawa. Ku Industrial Area umaona utsi ndi malata basi. A Blackson ndi mkulu wa mpingo wochokera kwathu ku Ntcheu, ndipo ali ndi mwana wamkazi, Kimberly, amene amayamba kuseka Lonjezo asanamalize nthabwala.

Ndani amapulumutsa mabulangete atavala kolala yosita?

Ndinakwera minibasi ya ku Kahawa, imene kuno amati matatu. Pa Githurai inaima, madzi atadula msewu. "Dada, shuka, mwisho hapa!" anakuwa kondakitala m'chinenero cha kuno kuti ulendo wathera pomwepo, kutitsitsa tonse. Ndinavula nsapato n'kuyenda m'madzi ofiira ofika m'mawondo, ndikuyeseza mumtima mawu omusiyira Lonjezo. Ena anali okoma moti ndinalira nawo ndekha.

Amene anatsegula chitseko anali Kimberly, atavala jekete yobiriwira imene ndinamugulira Lonjezo pa Khirisimasi.

"Iii asisi! Mwabwera? Komatu nthawi yanu sinakwane."

"Nthawi yanu ndiye yakwana eti?" Ndinamudutsa.

Pabalaza panali a Blackson ndi alendo awo. Lonjezo anakhala pa kampando kakafupi, manja pamawondo ngati mwana wa sukulu. Pambali pake panali a Conrad, bambo wachikulire wa kuntchito kwake. Patebulo, foni inatsamira mbale ya shuga, ndipo m'menemo munali nkhope ya malume anga a Dumisani, ali ku Ntcheu.

"Iwe Ndaona," anatero malume, "matope amenewo wachokera kudimba?"

A Blackson anatsokomola. "Khala pansi, mwanawe. Malume ako anandipempha kuti ndiwaimire ngati nkhoswe kuno. A Conrad akuimira kuchimuna. Anthuwa abwera kudzafunsira mbeta, ndipo mbeta imadikira kuitanidwa. Siithyola chitseko."

Zaka ziwiri ndinkalota tsiku limeneli, ndipo m'malotomo ndinkavala chitenje chatsopano.

"Popeza wafika," anapitiriza malume, "funso ndi limodzi. Mnyamata uyu ukumudziwa?"

Ndinadziwa kuti ndikangoti inde, ayamba kukamba tsiku la chinkhoswe. Lonjezo anandiyang'ana ndi maso opempha. Ine ndinayang'ana kukhomo, kumene Kimberly anaima manja ali m'matumba a jekete ija.

"Ndifunse kaye, malume. Jekete iyo yafika bwanji pathupi la Kimberly?"

"Anatichingamira kumsewu, ananyowa," anayankha Lonjezo msangamsanga. "Ndinangomubwereka."

"Lero mvula sinagwe."

A Conrad anakanda m'mutu. "Tinafika dzulo masana, mayi. Msewu unatsekeka, ndiye tinagona konkuno. Ine ndi iyeyu, chipinda chimodzi, ndikulumbira."

Dzulo Lonjezo anandiuza kuti ali kunyumba kwake, chimfine chamugwira.

"Ndinkafuna kukudabwitsa, Ndaona."

"Wandidabwitsadi."

Mwina zonse zinali zoona. A Conrad sanama, amatsogolera kwaya. Koma mabodza awiri aja anatuluka mosalala kwambiri, ndipo Kimberly sanaseke ngakhale pang'ono.

"Tikudikira," anatero malume. "Netiweki ikuvuta kuno."

Ndinagwada monga anandiphunzitsira amayi, matope akudontha pa kapeti.

"Dzina lake ndikulidziwa, malume. Zinazo mudzandifunsenso madzi akaphwa."

Ndinadzuka n'kutambasula dzanja kwa Kimberly. Anavula jekete ija pang'onopang'ono. Ndinaivala, inali yofunda, ndipo sinkanunkhira sopo wa Lonjezo. Panja mitambo inali itaphimba kale phiri lija.