Chitenje Chosatembenuza

"Mayi inu, imani pomwepo!"

Ndinaima pakati pa msika wa Kandeu, mwana wanga Chiso akutentha thupi kumsana kwanga. Amuna asanu a chipani china chachikulu anatsika mu lole, wina atanyamula chibonga. Wotsogola anali Steve, amene tinkakhala desiki imodzi ku sekondale. Tsikulo anandiyang'ana ngati sanandionepo.

"Mwabereka mwana kapena mwabereka chipani?"

M'pamene ndinazindikira. Pothamangira kuchipatala ndinaiwala kutembenuza chitenje. Chithunzi cha mlatho woyera chinali poyera, pamsana pa mwana wanga.

Chipani cha Mlatho chinafika kwathu ndili Sitandade 6. Chinkati sichili kwa awa kapena kwa awo, chili pakati, ndipo bambo anga, a Evance, anali tcheyamani wake kuderali. Zaka zinayi amayi onse anachivinira. Atamwalira mtsogoleri wake, aphungu anathawira kuzipani zazikulu. Bambo anakana kuthawa. Anamenyedwa kawiri, ndi mbali zonse ziwiri, ndipo mwendo wawo sunawongokenso. Zitenje sitinataye, nsalu yake inali yolimba. Tinkangozivala motembenuza, kapena mkati mwa zina. Koma chaka chimenecho Mlatho unayambanso kumveka pa wailesi, ndipo sabata yapitayo munthu anamuotchera okala ku Sharpevale chifukwa cha kambendera chabe.

"Masulani nsaluyo," anatero Steve. "Tiyiotche pompano."

"Achimwene, mwanayu akudwala. Ndilibe ina."

"Mukanaganiza zimenezo kunyumba."

Dzanja lake linafika pa mfundo ya pachifuwa panga. Chiso anabuula. Ndinaona kuti akangokoka, mwana agwera pamiyala.

"Iwe Steve, mwana wa Malita!"

Anali a Lufina, ogulitsa kachewere, anzawo a malemu mayi anga. Anadzuka pang'onopang'ono, atagwira m'chiuno.

"Machesi ako akwana? Poti nsaluzi n'zambiri."

A Lufina anamasula chitenje chawo chapamwamba. Mkati munali mlatho womwewo, wosuluka, wazigamba. Mayi wa tomato anatembenuza chake. Wa kabichi naye. Ndinawerenga mpaka khumi ndi anayi, kenaka misozi inandiphimba. Palibe anaimba, palibe analulutira. Anangondizungulira.

"Amako nawonso ali nacho chomwechi," anatero a Lufina. "Yamba kukaotcha chawo."

Steve anachotsa dzanja. Sanapepese. Anakwera mu lole. A Lufina anandiperekeza, koma loleyo inatitsatira pang'onopang'ono mpaka pachipata cha chipatala, n'kuima pomwepo, injini ikulira.

Anamwino atamuyeza Chiso n'kumupatsa mankhwala a malungo, ndinawerama kuti ndimuberekenso. Ndinasuzumira pawindo, lole inali ikadalipo. Manja anga anayamba okha kutembenuza nsalu.

A Lufina anagwira nsonga inayo. Sanakoke. Anangoigwira, mpaka ine ndinasiya kuitembenuza.