Mbedza Yotsiriza ya a Idrissa

Zuberi anali bambo wa ndevu zake, wowotcherera zitsulo wodziwika ku Mandava konse, koma kumanga mbedza sankadziwa. Mlandu unali wa bambo ake, a Idrissa. Chipumireni ntchito ya mumgodi, mkuluyu ankapita naye kukawedza ku mtsinje wa Runde, ndipo Zuberi akangogwira twaini ankamulanda. "Bwera nayo kuno, zala zakozo n'za nyundo." Ankakulunga, kulowetsa nsonga, kunyowetsa mfundoyo ndi malovu, kenako n'kukoka pang'onopang'ono. "Ukakoka youma imapsa," ankatero, koma Zuberi maso anali pamadzi.

A Idrissa atamwalira, m'chitini chawo cha zowedzera munapezeka mbedza imodzi yokha yomangidwa kale, pa kachidutswa ka twaini kosaposa mkono. Njinga inali itagulitsidwa, zovala zinapita kwa abale. Pa zonse zimene manja awo anapanga, chinatsala ndi kamfundo kameneko. Zuberi ankakatulutsa akakhala yekha, n'kumakasisita ndi chala, mtima ukuwawa.

Ramadani itafika, amayi ake, a Zawadi, anali atasiya kudya bwino. Dzuwa likalowa, nthawi yofuturu, yomasula kusala, ankangomwa madzi n'kukankha mbale.

"Ndikanapeza mlamba ngati umene baba vako ankabwera nawo," anatero tsiku lina, "mwina ndikanafuturu, mwanangu."

Loweruka Zuberi anapita ku Runde yekha. Mbedza zimene anamanga iye zinkangosomphoka akayesa kuzikoka ndi dzanja. Anakhala pamwala nthawi yaitali, kenako anatsegula chitini chija. Kachidutswako kanali kakafupi, kofunika kulumikiza ku twaini yake yatsopano. Anapingasa nsonga ziwirizo, kukulunga uku ndi uku monga ankakumbukira, n'kupita nazo kukamwa. Anaima. Anali pa swaumu, ndipo twainiyo inali itakhudza nyambo ndi matope. Anaopa kuwononga kusala kwake, choncho anangokoka youma. Mtsinje wonse unali pamapazi pake, koma zoviika mfundoyo m'madzi sizinamubwerere m'mutu.

Dzuwa litapendeka, ndodo yowedzera inapindika mwamphamvu. Analimbana nacho chinsombacho, kuchilola kuthawa, kuchikokanso, mpaka chinatulutsa mutu pafupi ndi bango. Unali mlamba wa mutu ngati khasu, ndipo mbedza ya bambo ake anaiona ndi maso, itakola bwino pamlomo. Kenako thi! Ndodo inawongoka.

Anakoka twainiyo. Nsonga yake inali yopiringizika ngati tsitsi lopsa. Inadukira pa mfundo yake. Analowa m'madzi mpaka m'chiuno, kupapasa m'bango ngati wopenga, ndipo atatuluka analira kuposa mmene analirira kumanda.

Anafika kunyumba adhana, mawu oitanira ku mapemphero, akumveka kumzikiti. A Zawadi anali pakhonde ndi kapu yamadzi. Anayang'ana buluku lonyowa, anayang'ana chitini chopanda kanthu.

"Unatenga ya baba vako?"

"Ndinatenga, Mhamha. Yapita."

"Aiwa," anatero mayiwo akupukusa mutu, "mfundo ya munthu uja sinadukepo chiyambire."

Zuberi anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

"Yawo sinaduke, Mhamha. Yaduka ndi yanga. Yawo ikadagwirabe."