Misomali m'Mabeseni a Mpunga

Ntchito yanga inali yoyeza timadzi timene mizu ya mpunga imatulutsa ikasowa ayironi, mchere wochokera ku chitsulo umene mbewu imafuna. Timadzito timagwira ayironi n'kumukokera m'mbewu. Kuti tituluke tambiri, mbewuyo umaimana ayironi mwadala mpaka masamba achite chikasu. Mpungawo tinkaudzala m'mabeseni a madzi osefa, m'nyumba yamagalasi kuseri kwa labotale. Tinkafuna mtundu umene ungapirire m'dothi louma mtima.

Osamalira mabeseniwo anali a malume. Ntchitoyo ndinawapezera ndine, munda wawo utawakanika zaka zitatu zotsatizana. Mbewu zawo zinkangoyezuka n'kufa zisanamasule. Anali munthu wosalankhulalankhula, wa manja osamala. Ntchito ya pamakina itandichulukira, ndinawaphunzitsa kutunga timadzito m'mawa n'kundibweretsera m'timabotolo. Kwa milungu isanu sindinapondeko kumabeseni.

Kenako makina anayamba kujambula mzere wathyathyathya, wopanda ndi kaphiri komwe, kusonyeza kuti m'timabotolomo timadzi tija munalibe. Ndinatsuka timapaipi, ndinasintha mankhwala, ndinaitana wokonza makina.

"Mayi, makinawa ndi athanzi kuposa ine," anatero akutseka bokosi lake.

Ndinapita kunyumba yamagalasi. Mpunga wonse, mitundu makumi anayi, unali biriwiri. Ndinapisa dzanja m'beseni loyamba, ndinavuula misomali itatu yadzimbiri, yomangidwa bwinobwino ndi kaulusi. M'beseni lachiwiri chimodzimodzi.

"Malume, ichi n'chiyani?"

Anavula chipewa. "Mbewuzi zimafa, mwanawe."

"Zimayenera kudwala! Si ndinakuuzani?"

"Unandiuza, inde. Koma tsiku lililonse ndimalowa muno ndekha, n'kumaziona zikuyezuka ngati zija za kumunda kwanga. Ndinapirira zaka ziwiri. Ulendo uno mtima unakana."

Sindinawakalipire. Ndinakhala pa ndowa yovundikira. Mbewu za mitundu ina zinali zomaliza, ndipo otithandiza ndi ndalama za kafukufukuyu anatipatsa mpaka kutha kwa mwezi kuti tipereke zotsatira.

A pulofesa, mkulu wa labotale, anamvetsera akuyang'ana pawindo.

"Lembani kuti madzi anaipitsidwa ndi paipi yakale," anatero. "Kapena lembani zoona, koma mukudziwa amene achoke."

Ndinaganiza za amene angabwere pambuyo panga, n'kutaya chaka akusintha mapaipi osalakwa. Ndinalemba zoona.

A malume anawachotsa Lachisanu. Anatsuka kaye mabeseni onse, anapachika ovolosi pakhoma, ndipo pachipata anandigwira dzanja.

"Usadandaule. Koma mpunga uja usautaye, watsala pang'ono kumasula."

Malamulo salola mbewu zoyesera kutuluka pampanda. Lolemba ndinauzula ndekha, ndinaulongedza m'matumba n'kuuponya mu uvuni wotenthera zinyalala.

Kafukufuku anatsekedwa mwezi wotsatira. Amayi, alongo awo a malume, anandiuza pafoni kuti sukulu inandidya mtima, ndipo mpaka lero akamandiyankha moni amayang'ana kumbali. A malume anapeza ntchito yonyamula matumba a simenti kusitolo ya zomangira. Chifuwa chinawagwira m'nyengo yozizira, ndipo sanachirenso. Ndinapita kukawaona kuchipatala kawiri. Ulendo wachiwiri anandifunsa ngati mpunga uja unabereka.

"Unabereka, malume," ndinatero.

Anagwedeza mutu, n'kupempha kuti ndiwakwezere pilo.