Ngala Imodzi ya Tirigu

Ambrose Tuckett anali munthu wamakani, ndipo makani ake onse anathera pa tirigu. M'mudzi mwathu muja, kuseri kwa mpanda wa mitengo m'mbali mwa mtsinje ku Virginia, enafe tinali titagonja kalekale. Tinkadzala chimanga m'matutu monga anationetsera eni dziko, njere zinayi paphando, nyemba pambali. Ambrose nayenso ankadzala, poti mimba simva makani, koma kuseri kwa nyumba yake anasiyako kachigawo ka tirigu wa kwawo ku Devon.

Gwero la zonsezi linali Sibyl, chibwenzi chake chimene anachisiya ku Mangalande. Bambo ake a mtsikanayo, a Yeo, anali mwini mphero, ndipo tsiku lotsanzikana sanapite m'mbali.

"Dziko losabala tirigu si dziko la Mkhristu," anatero a Yeo. "Kalata usavutike nayo, tonse sitiwerenga, komanso kalata imanama. Udzanditumizire ngala imodzi ya m'munda mwako. Chombo chimapita kumeneko kamodzi pachaka. Ndikupatsa zombo zitatu. Chachitatu chikadzabwera chopanda ngala, mwana wanga ndidzamupereka kwa wina."

Sibyl anali kusoka kathumba ka mbewu, ndipo atamaliza anadula ulusi ndi mano n'kumupatsa Ambrose. Munthuyu akakumbukira chibwenzi chake, ankakumbukira zimenezo: ulusi pamano, ufa m'nsidze, ndi kaimbidwe kake kosokoneza anthu m'tchalitchi. Ankamufuna koopsa. Chaka choyamba chomwe anasema mipando iwiri, wina wake, wina woyembekeza, ndipo wachiwiriwo sankalola munthu kukhalapo.

Mbewu anaigawa patatu. Gawo loyamba anafesa monga ankachitira bambo ake, pa tsiku la Mikayeli Woyera, akumwaza ndi dzanja. Angelezife ndife otero, timaganiza kuti nyengo ya dziko lililonse imamvera kalendala ya tchalitchi chathu. Mbalame zinachita phwando. Wotsalayo anakula mpaka m'chifuwa, wobiriwira mochititsa kaso, kenako mvula inamugwetsa asanabale. Chaka chachiwiri anagwidwa chiwawu.

"Achimwene, tirigu wanuyu ndi Mngelezi weniweni," ankatero Gideon Marl, mnzake woyandikana naye nyumba, atatsamira mpanda. "Akafika kuno amayamba ndi matama, kenako amachita chikasu, basi n'kugona pansi."

"Samalani zanu, akulu," ankayankha Ambrose. "Tsiku lina mudzabwera kudzapempha buledi."

Gideon ankaseka, ngakhale kuseka kwake kunali kutachepa. Mkazi wake, Tamsin, anabwera pa chombo chachiwiri atamuitanitsa. Anakhala miyezi iwiri yokha, malungo a m'chilimwe n'kumutenga. Anagona kuseri kwa tchalitchi, kumene mitanda inali itachuluka kuposa zitseko za m'mudzi.

Gawo lomaliza Ambrose analisamalira ngati khanda. Ankaingitsa mbalame, ankazula udzu ndi zala. Ngala zinatuluka ndithu, ndipo kwa milungu iwiri munthu ankayenda akuimba mluzu. Kenako kunabwera kutentha kwachinyezi kuja, mapesi anachita mawanga ofiira, ngala zinada. Anafikisa zonse m'manja, imodzi imodzi, osapeza njere ngakhale ya mankhwala. Pamenepo n'kuti chimanga chake chitabereka mpaka kusowa pochiika.

Chombo chachitatu chinafika titangokolola. Amuna tonse tinapita kudooko kukatsitsa katundu. Ambrose anatsegula mgolo wa mbale zadothi, zimene anazilongedza m'mapesi a tirigu kuti zisasweke. Munatuluka fungo la nkhokwe ya kwawo. Akuchotsa mapesiwo, dzanja lake linakhudza chinthu cholimba. Inali ngala yathunthu imene opuntha anaiphonya, njere zake zili momwemo.

Atatembenuka anapeza Gideon akumuyang'ana.

"Ikani m'malaya msanga," ananong'oneza Gideon. "Tirigu alibe dzina pamphumi. A Yeo adziwa bwanji kuti wangopita n'kubwerera?"

"Ndiye kuti ndiwanamize."

"Mkuluyo ndi amene anayamba zopusa. Ndani amayesa dziko ndi ngala?"

Ambrose anabisa ngalayo pachifuwa. Anayenda nayo masiku asanu chombo chikupakira fodya. Inkamubaya pakhungu, iye osaichotsa. M'maganizo mwake ankaona Sibyl akutsika padooko, akukhala pampando uja, akudandaula kuti mwendo umodzi wa mpandowo ndi waufupi. Koma njira ya kumunda inkadutsa kuseri kwa tchalitchi, ndipo kawiri patsiku ankaona mtanda wa Tamsin.

Pa tsiku lachisanulo anapeza Gideon akusenda chimanga pakhomo.

"Akulu, ndiuzeni zoona. Mukanakhala inu mukanatumiza?"

Gideon anatola chimanga china.

"Ine ndinatumiza kale," anatero. "Ndinauza amalinyero akanene kwa Tamsin kuti kuno n'kwabwino, nsomba zimadzigwetsa zokha m'bwato. Za maliro sindinatchule. Miyezi iwiri ija, achimwene, sindingaisinthanitse ndi chilichonse." Anaponya khoko pansi. "Koma iyeyo sindinamufunse."

M'mawa mwake chombo chinali chokonzeka. Pakati pa amalinyero panali Barnaby Coad, wa ku Devon komweko, amene ankaidziwa mphero ya a Yeo. Ambrose anamukokera pambali n'kumupatsa kathumba kaja kamene Sibyl anasoka. Barnaby anasuzumiramo n'kupeza chimanga chimodzi chachikulu, chachikasu.

"Ichi n'chiyani? Ine ndimamva kuti akudikira tirigu."

"Ukanene kuti tirigu wakana katatu," anatero Ambrose. "Ichi ndicho chimabala kuno, ndipo ndili nacho chokwanira anthu awiri. Ukanenenso kuti mwa anthu khumi ofika kuno, theka silimaliza chilimwe choyamba. Usachotsepo mawu."

"Bambo, mukufunsira mkazi kapena mukumupirikitsa?" anafunsa Barnaby. "A Yeo ndimawadziwa. Chimenechi akaponyera nkhumba."

"N'chifukwa chake usawapatse iwowo. Ukachiike m'manja mwa Sibyl."

"Nanga akandifunsa ngati mukumufunabe?"

Ambrose anayang'ana madzi.

"Ukamuuze kuti mpando wake ulipo."

Anaima padooko mpaka matanga anabisika pokhotera mtsinje. Ankadziwa bwino lomwe kuti pangano linali la tirigu, kuti a Yeo sabweza mawu, ndi kuti mwina pofika chaka chamawa Sibyl adzakhala akuphikira mwamuna wina. Mtima unamuwawa kwambiri.

Atafika kunyumba anakhala pakhomo, pampando wake, n'kutulutsa ngala ija. Anaifikisa m'manja, anauzira mankhusu, zinatsala njere zisanu ndi imodzi. Gideon anatulukira pangodya.

"Simunatumize," anatero.

"Ayi."

"Ndiye mudzala zimenezo? Tsiku la Mikayeli lili pafupi."

Ambrose anapukusa mutu. Anaika njere imodzi m'kamwa n'kuitafuna pang'onopang'ono. Inakoma ngati mpweya wa pakhomo pa mphero, pamene Sibyl ankaima akukung'untha ufa pa epuloni. Anadya yachiwiri, yachitatu, misozi ikutsikira m'ndevu, osaipukuta. Yomaliza anampatsa Gideon.

Gideon anailandira ndi manja awiri. Miyendo inali itatopa, ndipo mpando wachiwiri uja unali pomwepo, wopanda munthu. Anauyang'ana, anayang'ana mnzake, kenako anakhala pansi pa dothi.