Mikanda ya mu Dirowa

"Munati palibe vuto! Si inu munanena?" Agness anaponya buku lachipatala la mwana wake patebulo.

Dingani, mbadwa ya ku Ntcheu, dokotala wapachipatala chaching'ono chakufupi ndi Chintheche, analitsegula. Zolembazo zinali zake ndithu, za mu Januwale. Nthawi imeneyo Agness anabwera ndi Joel, mwana wake wazaka zisanu ndi ziwiri, atatupa mbali imodzi ya mavalo. Dingani anamuyeza mothamanga ndi lula wamba wa kusukulu, nati kusiyanako n'kochepa, abwerenso zikapitirira. Tsopano unali Meyi, ndipo mwanayo anali ataonda zomvetsa chisoni.

Bambo ake a Joel, a Mackson, anaima pakhomo atapinda manja, zovala zikununkha usipa.

Dingani anakoka dirowa yam'munsi. Munali chingwe cha mikanda yamtengo yosemedwa ngati mazira, kuyambira kakang'ono ngati nyemba mpaka waukulu ngati dzira la nkhuku, uliwonse ndi nambala yake. Anali asanaikhudze kwa chaka chathunthu. Mayi wina ataiona, mbiri inawanda kuchokera kumsika mpaka ku Bandawe kuti dokotala wa ku Ntcheu uja amayeza ziwalo za ana kuti adzagulitse. Anthu anabwera ndi miyala pageti. Kuyambira tsiku limenelo mikanda inalowa m'dirowa, iye n'kumangogwiritsa ntchito lula.

"Ehe! Ndi imeneyo!" a Mackson analumpha n'kugwira mkono wa mwana. "Agness, tiyeni. Ada dokotala, mwana wanga simumuyeza ndi zithumwa zanuzo."

"Si zithumwa, bambo. Gwirani nokha." Dingani anawatambasulira chingwecho, ngakhale mantha aja anali asanamuthere. "Njira zilipo zitatu. Lula amapereka utali ndi mulifupi, koma dzanja likaphonya pang'ono, nambala yonse yasokonekera. Mikandayi timafanizira, tione wolingana nawo. Nayonso imaphonya, koma kusiyana kwa mbali ziwiri kumaonekera msanga. Yachitatu ndi sikani, makina oona m'kati, amene timatumizira anthu ku Mzuzu."

"Mumuyeze," anatero Agness, osayang'ana n'komwe mwamuna wake. "Ine ndili pompano."

Kuyezako sikunatenge mphindi ziwiri, makolo onse ali chilili kuseri kwa katani. Joel atatuluka kukakhala pabenchi panja, Dingani anayala chingwe chija patebulo. Analoza kamkanda kachiwiri.

"Kumanja kuli apa, monga mwana wamsinkhu wake." Chala chinadutsa mikanda ingapo n'kuima. "Kumanzere kuli apa. Ndipo n'kolimba."

A Mackson anayang'ana mikanda iwiriyo nthawi yaitali. Munthu wodziwa kusiyanitsa maso a ukonde sankafunika womasulira. Anakhala pansi pampando.

"Kulimbako ndiye kuti chiyani?" anafunsa Agness.

Bodza linali pafupi, lokoma kunena, koma Dingani analimeza. "Mwina ndi chotupa choopsa, mayi. Sikani ndiyo itiuze zoona. Mupite mawa, musadikire Lolemba."

"Tikanapita mu Januwale?"

"Zikanakhala bwino kuposa lero."

Dingani analemba kalata yowatumiza ku chipatala chachikulu. Manyazi anamugwira mpaka m'mafupa. Ankalakalaka mayiyo atamutukwana, atamumenya ndi bukulo, chilichonse. Koma Agness anangopinda kalatayo bwinobwino n'kuimanga pansonga ya chitenje. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Ada, mikandayi mwaigula liti?"

"Ndi yakale."

"Mu Januwale inalipo?"

"Inali m'dirowa."

Agness anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye munaopa pakamwa pa anthu, n'kusiya mwana wanga."

Dingani anawatsatira ndi maso. Pawindo anawaona akutsetserekera ku msewu waukulu, a Mackson atabereka Joel kumsana, chinthu chimene mwina anali asanachitepo chibadwire mwanayo. Miyendo yake yowondayo inkangolendewera.

Panja anthu odikira anali atayamba kale kunong'onezana. Dingani anatenga chingwe chija n'kuchipachika pamsomali wa kalendala, pamalo poti aliyense wolowa achione. Kenako anatsegula chitseko.

"Wotsatira alowe."